Mkazi Wapepala wa Bambo Kha

Mayi Lua anatha zaka zoposa makumi anayi akuseka nsanje za akazi anzawo. Nsanjezo zinadzawapeza iwo eni atakalamba kale, mano akugwedera, mwamuna ali m'manda.

Mudzi wathu uno wa m'mbali mwa mtsinje wa Duong, kufupi ndi mzinda wa Hanoi, umadyera akufa, ndipo sitichita nazo manyazi. Khomo lililonse limapanga katundu wamapepala amene anthu amagula n'kukawotchera abale awo amene anatsogola, kuti akagwiritse ntchito kumeneko. Kale akufa ankakhutira ndi hatchi, chipewa ndi nsapato. Masiku ano nawonso anapenya: akufuna njinga zamoto, mafiriji, mafoni, ndipo ukaiwala tchaja amabwera kumaloto kudzakufunsa.

Mayi Lua si a m'mudzi muno. Anachokera kutsidya kwa mtsinje, kwa anthu odziwa mpunga ndi matope basi, n'kudzakwatiwa ndi bambo Kha ali kamtsikana kowonda kosadziwa n'kugwira sizasi komwe. Apongozi awo aamuna anayamba kuwayesa pa mahatchi, mahatchiwo n'kumatuluka ngati agalu odwala. Anawayesa pa nsapato, zonse zinatuluka za phazi limodzi. Tsiku lina mkuluyo, atasowa nawo chochita, anawapatsa kaburashi ndi utoto nati ajambule nkhope ya wantchito wapepala amene anali ataima pakona wopanda maso. Pobwerako kosuta fodya anapeza wantchitoyo akumuyang'ana, moti anatsala pang'ono kumupatsa moni. Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya mayi Lua inali nkhope.

Zaka zoyambirira za ukwati wawo zinali zija akuluakulu ankati zowotchera akufa n'zachikale, zithe. Mudzi unkapanga mobisa, mawindo otseka, ndipo bambo Kha ankapita nazo kumsika panjinga yakapalasa atazikwirira ndi masamba a nthochi. Anagwidwapo kamodzi ali ndi mahatchi apepala, nauza wowagwirayo kuti ndi zidole za ana awo. Atafunsidwa kuti anawo ali kuti, anati akubwera. Nkhani imeneyi anaifotokoza moyo wawo wonse, mahatchi akuchulukirachulukira chaka ndi chaka.

Bambo Kha ankang'amba nsungwi ndi kumanga mafupa a zinthuzo, mayi Lua n'kumamata mapepala ndi phala la chinangwa, kenako n'kujambula. Ankakhala pabwalo limodzi, wina uku wina uku, akukangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bambo Kha ankati mkazi wawo amajambula anthu okongola chifukwa pagalasi sakupezapo kanthu. Mayi Lua ankati mafupa opindika amatengera wowamanga. Mlendo akanaganiza kuti ukwatiwo sufika mawa, koma bambo Kha akapita ku Hanoi kukasiya katundu, mayi Lua ankangotulukatuluka kumsewu, ati kukaona ngati kukubwera mvula. Anabereka ana atatu, ndipo amene anatsala pakhomo ndi wamwamuna, Toan.

Amene ankawaseketsa kwambiri mayi Lua anali akazi amasiye. Mkazi ankabwera maso ali psuu, nsalu yoyera yamaliro ikadali kumutu, n'kugula nyumba, galimoto, zovala, zabwino zokhazokha. Akafika pa wantchito woti akamuphikire malemuyo, mawu ankatsika.

"Achemwali, ameneyu mujambule mwanzeru. Mphuno ikhale ngati mbatata."

"Nanga maso?"

"Lina liyang'ane ku Hanoi, lina ku Hai Phong."

Ena ankagula wokongola chifukwa cha manyazi, koma akafika kunyumba ankamuboola maso ndi kamtengo ka lubani asanamuwotche, kuti asakaonane ndi bambo kumeneko. Mayi Lua ankaseka mpaka kutsokomola. "Munthu wasanduka dothi, inu mukulimbirana ndi pepala? Ine bambo a Toan akadzafa ndidzawatumizira khumi, okongola okhaokha, akawasokosere amenewo ine ndipume." Bambo Kha ankayankha ali chiweramire pansungwi zawo: "Mwamva nonse. Mboni ndinu."

Matenda anawagwera bambo Kha m'mawa wina ali pantchito. Mpeni unangowapulumuka m'manja, iwo n'kupendekera pamulu wa nsungwi ngati akufuna kugona. Pochokera kuchipatala mbali yonse ya kumanja inali itafa, ndipo pa mawu onse aja ankasokosa nawo mudzi panatsala amodzi okha: "Uyo." Akafuna madzi, uyo. Akafuna kukodza, uyo. Pena pakawawa, uyo yemweyo, zotsalazo uzidziwira wekha.

Zaka zinayi mayi Lua anadziwira okha. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwathira ufa pazilonda zakumsana, kuwadyetsa phala lampunga kasupuni kasupuni, theka likubwerera pachibwano. Toan ndi mkazi wake Mien ankathandiza, koma ntchito yamapepala inali itagwera iwo, komanso bambo Kha sankalola kuti mpongozi awaone ali maliseche. Akangoyandikira ankakuwa uyo wawoyo mpaka mkazi wawo abwere. Tinene zoona, mayi Lua ankawakonda amuna awo, koma anatopa, ndipo kutopako kunkatulukira pakamwa. Oyandikana nawo tinkamva. "Tsegulani kukamwaku, simuli khanda! Kodi ndinalakwa chiyani ine?" Kenako zii, kenako n'kumamveka akuwaimbira chapansipansi powapukuta.

Toan anaika kanema kumiyendo kwa bedi kuti bambo ake azitayirako nthawi. M'chaka chachinayicho kunabwera sewero la ku Korea limene linaimitsa mudzi. Madzulo likayamba, phala lomatira linkauma m'mabeseni. Munali mwamuna womanga milatho amene anagwa pantchito n'kulumala. Mkazi wake anati akupita kunja kukapuma pang'ono, ulendo wosabwerako. Mlongo wa mwamunayo anamugulira mkazi wamakina woti azimusamalira, wankhope yosalala ngati dzira losenda, amene ankamunyamula mopanda kubuula, osagona, osadya, osausa moyo. Mwamunayo akaponya mbale pansi chifukwa cha ukali, iye ankatola zidutswa n'kufunsa ngati dzanja silinapweteke. Pang'onopang'ono awiriwo anayamba kukondana, makinawo n'kumadabwa kuti chikuwatentha m'chifuwa n'chiyani. Zolankhula za onse ankatiwerengera m'chilankhulo chathu mayi mmodzi yemwe uja wapakanema, amene amanena kuti "ndimakukonda" ndi "mpunga wapserera" ndi liwu limodzi, komabe anthu ankalira.

M'mawa nkhani inali yomweyo pabenchi la mayi Gai, mkazi wamasiye wa khomo loyandikana ndi la mayi Lua, amene amagulitsa tiyi.

"Makina angakonde munthu, abale?" wina ankafunsa.

"Alekerenji?" ankatero mayi Gai. "Ine ndinakonda chidakwa chimene chinkaposedwa ndi fani kuthandiza pakhomo."

"Mkazi wokhala ndi batani lozimitsira, ndani angamukane?" anatero bambo wina, mkazi wake n'kumumenya ndi chipewa.

Mayi Lua anamutcha mkazi wamakinayo Namagetsi, ndipo dzinalo linafala mudzi wonse. "Mkazi wanu uja wafika, bambo a Toan. Ndikupeseni tsitsi, angakuoneni muli nyankhalala." Bambo Kha ankaseka ndi theka la kamwa, maso osachotsa pakanema. Munthu amene ankagona tsiku lonse akuyang'ana denga, nyimbo yoyambira ikangomveka ankadzikoka ndi dzanja lamanzere kuti akhale tsonga. Zinkawasangalatsa mayi Lua kuona munthu wawo ali ndi chodikira, ndipo zinkawapwetekanso.

Tsiku lina lamvumbi, nyengo ija zochapa zimatha sabata osauma, bambo Kha anagunda mbale, phala lonse n'kukhuthukira pansalu yomaliza youma. Mayi Lua anakalipa zedi tsikulo, mawu ena osayenera kuwabwereza. Akupukuta, pakanema Namagetsi anali akumupukuta mwamuna uja pachibwano, akumwetulira. Bambo Kha anakweza dzanja n'kuloza kanema. "Uyo." Kenako analoza mkazi wawo. "Uyo." Misozi inali ikutsikira m'khutu.

Mayi Lua anamva kuti akuuzidwa kuti, taona mnzako, taona iwe. "Ameneyo alibe msana, bambo a Toan. Sadya, sagona, sanakuberekereni ana. Mukamupeza mundiuze, ndimusiyire malo." Anatola nsalu ija n'kutuluka, n'kukalira kuseri kwa thanki yamadzi.

Bambo Kha anamwalira patangopita chikondwerero cha chaka chatsopano, sewero lisanathe. Anapita mwakachetechete masana, mkazi wawo akuwaphikira phala.

Maliro atatha mayi Lua anaphimba kanema ndi nsalu. Magawo otsalawo ankakaonera kwa mayi Gai, ati kuti adzawafotokozere amuna awo mathero ake. M'gawo lomaliza mkazi weniweni uja anabwerako, anagwada, analira, anapepesa. Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja n'kugwira la Namagetsi. Mayi Gai anawomba m'manja misozi ili chuchuchu. Mayi Lua anadzuka osatsanzika.

Atafika kunyumba anayatsa lubani paguwa lamakolo, n'kuima kutsogolo kwa chithunzi cha amuna awo. "Latha sewero lanu lija, bambo a Toan. Anabwererana ndi mkazi wake. Makina aja anawagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha." Aka kanali koyamba kunama paguwa, ndipo anachokapo msanga osayang'ana chithunzicho m'maso.

Koma chimene chinkawadya kwenikweni si sewero. Ena amati munthu akafika kwa akufa amachira, ena amati amafika mmene anachokera; amonke a kukachisi ukawafunsa amangokuuza kuti uchepetse zowotcha. Mayi Lua ndi amene anawasambitsa amuna awo komaliza, mwendo wakufa uja anauona ndi maso awo, ndipo sankakhulupirira kuti ungawongoke chifukwa cha kufa chabe. Pamwambo wa masabata asanu ndi awiri chimwalirireni anawawotchera njinga ya olumala, yamatayala asiliva. Phulusa litazizira m'pamene anadzifunsa kuti nanga akankhe ndani. M'mawa uliwonse ankaika phala paguwa, supuni kumanzere, n'kumaliyang'ana likuzizira. Ankamuona munthu wawo ali pakati pa anthu osamudziwa, akungoti uyo, uyo, opanda womumva. Makolo a bambo Kha anali komweko, inde, koma nkhalamba zija zinkalephera kudzisamala zokha zili moyo.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, umene akufa amatsegulidwira kuti adzalandire katundu wawo, unkayandikira, ndipo chaka chimenecho katundu wothamanga anali Namagetsi wapepala. Mien, amene amagulitsa pafoni, ankalephera kukwanitsa maoda. Nkhope ankangozisindikiza pamakina n'kumamata, moti pabwalo pankaima mzere wa atsikana ofanana, onse akumwetulira khoma.

Tsiku lina akudya masana Mien anati, "Amayi, bwanji tiwatumizire mmodzi abambo? Paja ankamukonda."

Mayi Lua anaika timitengo todyera pansi. "Ankamukonda. Wanena bwino."

"Sindikunena zimenezo, amayi. Ndikuti azikawasamalira."

"Mwamuna wako ali pomwepo. Akadzafa udzamutumizire iweyo, ndi nsapato zagogoda zomwe."

Toan anakwirira nkhope m'mbale yampunga. Nkhani inathera pomwepo, koma mayi Lua sanamalize chakudya.

Mayi Gai, amene za pakhomo la eni amazimva ngakhale khoma likhale la njerwa, anabwera madzulo ake ndi ketulo yatiyi.

"Ndamva kuti yakupezani, amake Toan. Khumi aja mwayamba kumanga?"

"Ndisiyeni inu."

"Musadzivute. Chitani zimene timachita tonse. Wanga uja ndinamutumizira wopanda mano, munajambula nokha, ndipo mpaka lero sanabwere kumaloto kudzadandaula."

"Wanu ali ndi miyendo. Akatopa naye amapita kokamwa."

Komabe mayi Lua anayesa. Anatenga thupi limodzi pamulu wa Mien n'kulijambula nkhope ija anajambulira akazi amasiye mazanamazana: mphuno yambatata, maso osemphana, kukamwa kopotoka. Anamuimika pambali pa bedi la amuna awo, limene anakana kuti lichotsedwe, ndipo kuti aone bwino anagona pabedipo chagada, mutu pamene unkakhala mutu wa bambo Kha. Atayang'ana m'mwamba anaona chinthucho chitawaweramira. Anazindikira kuti munthu wosatha kudzitembenuza azidzayang'ana nkhope imeneyo m'mawa ndi madzulo, popanda tsiku loti zidzatha. Zomuboola maso sanaziganizire n'komwe. Wosaona angamete bwanji ndevu ndi lumo, angadziwe bwanji kuti chilonda chikuyamba? Anadzuka n'kung'amba nkhopeyo.

M'mawa mwake anatseka chitseko n'kutenga kagalasi. Pantchito yathuyi pali lamulo limene mwana aliyense amalidziwa asanadziwe kuwerenga: nkhope yapepala isafanane ndi munthu wamoyo, chifukwa ukaiwotcha mwini nkhope amaitsatira. Mayi Lua ankalidziwa bwino kuposa tonsefe. Anajambula makwinya awo onse, kachipsera kapachipumi, diso lamanzere lotsika pang'ono. Pakamwa m'pamene panawavuta. Pagalasi panali pakamwa pothina, pa munthu wokalipa, ndipo zinawalowa kuti zaka zinayi amuna awo ankayang'ana pamenepo. Anayesa kumwetulira kuti ajambule kumwetulirako, koma akangogwira kaburashi kunkathawa.

Toan anakankha chitseko akufuna sizasi. Anayang'ana pepala, anayang'ana mayi ake, nkhope yake n'kugwa.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Wantchito wa bambo ako."

"Mukufuna tiike maliro awiri chaka chimodzi?"

"Nanga awatembenuze ndani? Ukudziwa iwe kuti akagonera mbali imodzi mpaka masana khungu limasupuka? Miyezi yonseyi agonera mbali iti?"

Toan, bambo wa ana awiri, anakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza. Atapuma anati, "Tsiku lina inu mukuchapa panja, abambo anandilozera kanema, kenako analoza inu pawindo, mutagwira msana. Ine ndinamva kuti akuti, agulire mayi ako chotere apume."

"Unamva bwanji iwe? Mawu omwewo anali madzi, omwewo anali chimbudzi."

"Ndinamva choncho basi."

"Ine ndinamva zina."

Panalibe wowaweruza, mwini mawu anali atapita nawo. Mayi Lua anayang'ana mwana wawo akupukuta mamina ndi malaya. Kenako anaviika nsanza m'madzi n'kufufuta nkhope yawo mpaka pepala linabooka.

"Kang'ambe nsungwi. Mikono uiphatikize pawiri, bambo ako ndi olemera."

Wantchito watsopanoyo anamupanga masiku angapo, pamene ena akutulutsa makumimakumi patsiku. Nkhope zosindikiza za Mien anazikana. "Mwana wa eni ake ali moyo ku Korea uko, inu mukungomuwotcha tsiku ndi tsiku." Mien anati wowotchedwayo ndi makina, si mtsikana wosewerayo, koma mayi Lua anali atatenga kale kaburashi kawo kakale. Anajambula nkhope yosafanana ndi wina aliyense, yokongola kuposa yapakanema, ya munthu amene sanakalipepo chibadwire. Ankajambula akutukwana chapansipansi, koma osaphonya mzere. Anthu ankabwera kudzasuzumira, ndipo wogula wina wa ku Hanoi ataumirira kuti amugulitse, anamuthamangitsa ndi tsache.

Za manja lamulo silinena kanthu. Mayi Lua anaika dzanja lawo pakatoni n'kulizunguliza ndi pensulo, kenako linalo, n'kudula. Anatuluka manja aakulu, zala zopindika, mfundo zotupa.

"Amayi, manjawo akuipitsa," anatero Mien. "Akuoneka ngati a munthu wakumunda."

"Akuipitsa, inde. Kamate mafoni ako."

Tsiku limene mwezi unakhala wathunthu banja linasonkhana. Paguwa panali nkhuku yophika, mpunga womata, zipatso ndi kachasu wampunga. Lubani akuyaka, amuna akucheza panja, mayi Lua anakokera kampando pafupi ndi mkazi wapepalayo. Wantchito sapita osauzidwa ntchito yake, ndipo ambiri amangoti ukaphike, ukasese, basi. Mayi Lua lubani anawathera akulankhula, n'kuyatsanso wina.

"Tamvera, mtsikana iwe. Dzina lawo ndi bambo Kha, a m'mudzi muno, ukawapeza panjinga yopanda wokankha. Powatembenuza uyambe ndi mwendo wakufawo, dzanja lina pansi pa phewa. Usakoke mkono, umaguluka. Phala ulilawe kaye. Aa, paja iwe sulawa. Chabwino, udonthetse pamkono. Msuzi wansomba pang'ono, anyezi ayi, amawatsamwa. Akati uyo atayang'ana pansi ndiye kuti mkodzo, uchite changu, sachedwa. Akati uyo atatsinzina ndi mutu ukuwawa, uwasisite kuseri kwa khutu, apa." Anagwira kuseri kwa khutu lapepala. "Akataya mbale usanene kanthu. Ine ndinkanena."

Anayatsa lubani wina. Mayi Gai, amene anabwera kudzaseka, anatuluka mwakachetechete.

"Ndi munthu wanthabwala, kungoti ukawapeza atatha mawu. Akakuseka ndi theka la kamwa, useke nawo. Akakugwira dzanja…" Anayang'ana manja aja kanthawi. "Akakugwira dzanja usalichotse. Ndakuloleza ine mkazi wawo. Ndikadzabwera tidzakambirana."

Anamunyamula okha kupita naye pabwalo, pamene Toan anali atayatsa moto mumgolo. Zinayamba ndi zovala ndi nsapato, ndipo zinkanyeka mwaulesi chifukwa cha chinyezi, utsi ukukwawa pansi, Toan akutakasa ndi ndodo. Apa anthu athu amayang'anitsitsa: moto ukamanyinyirika ndiye kuti mwini katundu sakumufuna, ukalilima phulusa n'kukwera ndiye kuti walandira. Mumtima mwa mayi Lua munali kachiyembekezo kochititsa manyazi, koti mwina moto uzima, mwina bambo Kha akana, anene kuti ndidikira mkazi wanga.

Anamuika mumgolo chiimire. Moto unamugwira kumiyendo n'kuthamangira m'mwamba kamodzin'kamodzi, lawi kupitirira denga la khonde. Nkhope ija inawala kanthawi n'kupindika. Kamphepo kanabwera, kanazunguliza phulusa n'kulikweza pamwamba pa madenga, kulowera kumtsinje.

"Alandira!" anafuula Mien. "Abambo alandira!" Ana anawomba m'manja. Toan anathira kachasu mumgolo akumwetulira, misozi ili m'maso.

Mayi Lua anali chiimire, khosi m'mwamba, akuyang'ana phulusalo mpaka linasowa. Mtima unakhala pansi kuti munthu wawo wapeza womutembenuza, ndipo mtima womwewo unasweka.

"Sanazengereze n'komwe," anatero.